Cholinga ndinkachiyambira kumutu m'malo moyambira kumchira

Lachiwiri lapitali ndinagona tulo tabwino koyamba chiyambireni kubwereza Fomu 4. Nkhani ya mapointi sindinayithetse ayi, koma ndamvetsa chinthu chimodzi chimene chakhala chikundizungulitsa mutu kuyambira chaka chatha.

Za SMART, mfundo zisanu zija zokhazikitsira cholinga, sindilongosola, tonse tinaziloweza mu Life Skills ndipo ambiri tinakhoza funso lake pa mayeso. Ine ndinkatha kuzitchula zisanu zonse maso ali otseka. Koma mukanatsegula kope langa, pa tsamba loyamba panali mawu akuti "Cholinga changa: kukhoza bwino MSCE." Basi. Kukhoza bwino kwake kotani? Kuti ndipite kuti? Sindinkadzifunsa.

Amene anandigwedeza ndi malume anga a ku Luwinga kuno ku Mzuzu, amene amachita geni ya matabwa. Ndinapita kukawathandiza kusanja matabwa Loweruka, kunja kuli nkhungu ija ya kuno yoti manja amachita dzanzi. Anandifunsa kuti ndikufuna kudzachita chiyani. Ndinati, "Malume, ndikungofuna ndikhoze kaye." Anaseka. "Mphwanga, ine sindidula thabwa kaye kenako n'kumafunafuna kuti likwanira pati. Ndimayamba ndi denga la kasitomala. Ndikadziwa denga, ndimadziwa milimo ingati, yotalika bwanji, ndiye n'kupita kukagula."

Denga kaye, thabwa pambuyo. Ndinabwerera ku Chibavi pa kabaza mawuwo akulira m'mutu.

Denga langa ndinalipeza pamene sindinkayembekezera. Aliyense amene anakwerapo basi ya pa M1 kudutsa ku Chikangawa akudziwa zitsa zimene zili m'mbali mwa msewu muja. Nkhalango ya paini imeneyi anayamba kuibzala m'ma 1960, inafika mahekitala oposa 50,000, ndipo ankafuna kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe n'komwe. Lero malo ambiri ndi udzu ndi zipsera za moto. Ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa, ndipo sindinkadziwa kuti kuwawa kumeneko kungakhale poyambira. Ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu imene ili ku Luwinga komweko, kuli maphunziro a zankhalango. Ndiye ndinalemba pamwamba pa tsamba latsopano: Forestry, Mzuni.

Kenako ndinayamba kubwerera m'mbuyo. Kuti NCHE, bungwe limene limayendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, indiganizire, ndikufunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kuti pa maphunziro amenewo pasakhale limene ndapeza mapointi opitirira 6. Chaka chatha masamu ndinapeza 8, Biology 7. Ameneŵa ndiye matabwa awiri amene akuperewera pa denga langa. Ndinatenga mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo, n'kuona kuti mu masamu ndimagwera pamalo omwewomwewo: ma quadratic, ma circle theorem ndi ma vector. Ndinabwereranso m'mbuyo mpaka ndinafika pa funso laling'ono kwambiri: usiku uno ndichita chiyani? Yankho linali mafunso atatu a ma quadratic. Atatu okha. Ndinawachita, awiri ndinakhoza, ndipo n'chifukwa chake ndinagona.

Kunena zoona, njira yobwerera m'mbuyoyi ndikuona ngati ikuposa ma timetable onse amene ndinamatapo pakhoma. Ndikukhulupirira kuti aliyense atayigwiritsa ntchito, theka la amene timabwereza sitikanabwereza. Mnzanga wina wa ku Zolozolo akuti ndikukokomeza, kuti iye amangowerenga chilichonse ndipo zikumuyendera. Mwina. Koma iye alibe 8 wa masamu.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi chakuti zimenezi bwenzi nditazimva kalekale. Kusukulu yathu yamadzulo aphunzitsi amafika atatopa kale ndi makalasi a m'mawa, amalemba manotsi pa bolodi, ife n'kukopera, belu n'kulira. Mutu wa kukhazikitsa zolinga tinaumaliza m'piriyodi imodzi. Palibe amene anafunsidwa kuti iwe ukufuna chiyani. Sindikuwada, nawonso silabasi ikuwathamangitsa, koma zimawawa kuti wogulitsa matabwa ndi amene wandiphunzitsa Life Skills. Nthawi nayonso ndi vuto lina. M'mawa ndimathandiza mayi pa benchi yawo ya tomato, madzulo kusukulu, ndikafika kunyumba magetsi azima, ndiye mafunso atatu aja nthawi zina amachitikira pa tochi ya foni.

Pali china chimene chikundisautsabe. Mayi akufuna unamwino, akuti ntchito yake imapezeka msanga, ndipo sindingawatsutse poti ndi amene akulipira fizi. Komanso ndimadzifunsa ngati zankhalangozi ndi cholinga cha moyo wanga chenicheni, kapena ndangotengeka ndi zitsa za ku Chikangawa ndi nthabwala ya malume. Bwanji ndikadzafika kumeneko n'kupeza kuti denga lake si langa? Masamu ndi Biology akufunika mbali zonse ziwiri, ndiye pakadali pano ndikupitiriza. Mawa ndi ma circle theorem. Za denga, sindikudziwa ngati munthu amaloledwa kulisintha matabwa atadula kale.