Mbaula yakhala pakhonde

Loweruka usiku, ku Ngabu

Lero ndawakaniza apongozi anga chinthu kawiri, tsiku limodzi, m'nyumba ya mwana wawo. Mpaka pano mtima sunakhale pansi, ndiye ndati ndilembe.

Afika masana kuchokera kumudzi, cha kwa Tengani, atanyamula mwendo wa mbuzi, nthiti ndi chiwindi m'kathumba. Kuno kuchigwa mbuzi ndi chuma, ndipo munthu wamkulu akakwera minibasi ulendo wonsewo kudzakupatsa mwendo wathunthu, ndiye kuti wakuwerengera. Ndinasangalala kwambiri. Ana anavina. Tinagwirizana kuti madzulo tiwotcha, yotsala ndiphika mawa.

Koma kunja kwazizira sabata ino. Mitambo ya chiperoni yakuta mapiri a ku Thyolo, ndipo dzuwa likangolowa kamphepo kake kamatsika mpaka kuno. Anzathu a ku Blantyre sakhulupirira tikawauza kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje nakonso kumakhala chisanu. Sadziwa kuti thupi lozolowera madigiri 40 a mu Okutobala ndi Novembala limanjenjemera ndithu usiku wa mu Juni ukatsikira cha ku ma 15. Majuzi okhuthala ambirife tilibe, mabulangete ndi owerengeka, nyumba tinazimangira kutentha. Ndiye chisanu chathu n'chochepa koma chimatipeza tili chabe. Kwa munthu wokalamba ngati apongozi, amene mawondo amawavuta, si nkhani yamasewera.

Nditayatsa mbaula kuseri, makala atayamba kufiira, anandiitana.

"Mayi, mbaulayo ilowe muno. Tiwotchere pabalaza pompano, tiziwotha komweko. Kunjako mphepo itidwalitsa."

Ndinagwada pafupi ndi chitseko. "Pepani bambo, makala m'nyumba muno ndimaopa. Ndikuikirani mpando pakhonde, mbali yopanda mphepo, ndikubweretseraninso bulangete."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ine ndakulira moto wa m'nyumba. Amayi anga ankasonkha pakatikati, ife ana tikugona mozungulira. Tonse tinakula. Lero moto walakwa chiyani?"

Bambo a anawa anali pomwepo. Maso ali pafoni.

Chimene chikundivuta n'chakuti apongozi sakunama. Anakuliradi moto wa m'nyumba, ndipo palibe chinawachitikira. Koma nyumba imeneyo inali yofolera udzu, pakati pa khoma ndi denga panali mpata, chitseko chinali cha bango, mphepo inkalowa ndi kutuluka usiku wonse. Ndiponso unali moto wa nkhuni. Utsi wa nkhuni umachenjeza: umayabwa m'maso, umatsokomoletsa, ukachuluka wina amadzuka n'kutsegula. Nyumba yathuyi ndi ya njerwa ndi simenti, malata pamwamba, siling'i, mawindo agalasi. Timabowo ta mpweya tam'mwambamu tinatitseka kale ndi mapepala chifukwa cha udzudzu ndi fumbi, ndipo usiku timayala nsanza pansi pa chitseko. Chimene chalowa muno chimakhala momwemo.

Makala akamayaka pamalo pamene mpweya ukuperewera amatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, suyabwa m'maso. Anthu ambiri amati makala akafiira n'kusiya kufuka ndiye kuti apsa bwino, angathe kulowa, koma makala ofiira omwewo amapitiriza kuutulutsa, mpaka pamene akuzilala. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni, kupitirira ka 200, ndiye magazi amangoyenda m'thupi osanyamula mpweya umene ubongo ndi mtima zikufuna. Zizindikiro zake n'zimene zimandiopsa kwambiri kuno kwathu: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka, tulo. Aliyense wa m'chigwa muno akamva zimenezo amati ndi malungo, ndigone kaye mawa ndikayezetse. Kugonako ndiye kolakwika, chifukwa munthu wogona samvanso kanthu. Chaka chilichonse nyengo ino pawailesi pamamveka za anthu opezeka atafa m'chipinda, mbaula ili pambali, zitseko zili zotseka. Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba ndi amene amagwa msanga. Alangizi azaumoyo amatiuza kusikelo, ndipo ine ndinazisunga.

Zonsezi ndimazidziwa, koma utagwada pamaso pa apongozi sungayambe kuwaphunzitsa za magazi. Ndinangoti, "Bambo, nyumba zamakonozi sizipuma ngati zakale. Mpweya wa makala umapha mwakachetechete, munthu osamva fungo."

"Titsegula windo."

"Windo limodzi silikwanira, bambo. Ndipo tikatsegula onse ndi chitseko chomwe, mphepo imene tikuithawayo ilowanso."

Apo anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kovomera. Anayamba kundiwerengera zifukwa zawo, ndipo ndinene zoona, zina zinandigwira. Anati kunja mphepo imadya makala, mbaula imodzi imatha nyama isanapse, pamene makala akwera mtengo chonchi. N'zoona. Matumba abwino, a tsanya olemera aja amene amakhalitsa moto, amapita kumtunda kudzera pa Thabwa kukagulitsidwa m'tauni, ife timatsala ndi opepuka ongothetheka, ndipo chikhwimitsireni lamulo la nkhalango mu 2020 ogulitsa amabwera mobisa, mtengo n'kumangokwera. Mitengo ya tsanyayo nayonso ikutha tikuona, ndipo ndikamayatsa mbaula ndimadziwa kuti inenso ndili m'gulu la oimaliza. Anatinso mafuta a mbuzi sachedwa kugwirana, ukadyera pamphepo amamata m'kamwa nyama n'kutha kukoma. Zimenezonso n'zoona. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena chimene ndikuganiza kuti chinali chenicheni: fungo la nyama yowotcha limayenda mudzi wonse. Mwendo umodzi sungakwane aliyense wodutsa, ndipo kuwotcha poyera anzako akudyera therere n'kudzionetsera. Iwo anabweretsera adzukulu awo, osati mzere wonse wa nyumba.

Pamenepo ndinasowa chonena. Ndi mtima wabwino umene unkalankhula, munthu wosafuna kuumira mnzake komanso wosafuna kumuchititsa manyazi. Komabe sindinasunthe. Ndinati ndiwotchera kukhonde lakuseri kumene sikudutsa anthu, ndipo amayi oyandikana nafe ndiwapatulira kambale. Iwo akhale m'nyumba, nyama iwapeza ili yotentha.

"Chitani zimene mwaganiza," anatero. Mawu amenewa, akachokera kwa munthu wamkulu, amalemera.

Ndiye ndinawotcha kunja, ine ndi mwana wanga wamkulu. Tinaimika lata lakale mbali yochokera mphepo, pamwamba ndi mbali zina pali pululu. Nyama ndinaidula mopyapyala kuti isachedwe, n'kuithira mchere, adyo, mandimu ndi kambuzi pang'ono. Ndinadikira mpaka makala atavala phulusa loyera, n'kuwaunjika mbali imodzi. Kumoto waukuluko kunapita nyama ya mwendo, nthiti ndinaziika mbali yofatsa kuti zipse mpaka pafupa osapserera kunja. Anyamata a kanyenya a pa Nchalo ndi pa Dyeratu amachita chimodzimodzi, ndipo palibe mwa iwo amawotchera m'chipinda ngakhale kuzizire bwanji. Chiwindi chinayamba kupsa, ndipo ndinachitumiza choyamba kwa apongozi monga mwa ulemu wake. Zina zikapsa ndinkaziponya m'poto wovundikira pambali pa mbaula kuti mafuta asagwirane. Mafutawo akamadontha pamakala, utsi wake ndi umene umapatsa nyama kukoma kuja, ndipo utsi womwewo ukanakhala pabalaza bwenzi uli m'makatani, m'masikito ndi m'mayunifolomu a ana mpaka sabata yamawa. Nyama ya m'nyumba ilipo, yokazinga m'poto kapena pachiwaya magetsi akakhalapo, ndipo ndimaikonda. Koma imeneyo ndi yokazinga. Yowotcha malo ake ndi panja.

Ndisabise, panja panali bwino. Manja akuwotha, msana ukuzizidwa, mwana akundifotokozera za kusukulu zimene masiku onse sanena. Ndinkalakalaka agogo ake akanatuluka, akanakhala pampando paja atafunda, bwenzi akumuuza za kale pamene ankawoloka Shire pabwato. Ndinatumiza mwana kawiri kukawapempha. Anati ali bwino komwe ali.

Anadya. Ananena kuti mchere wakwana. Nsima anamaliza. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha.

Ndikuchotsa mbale, anati, "Makala otsalawo musazime. Muwaike m'chipinda chimene ndigonemo, angotenthetsako pang'ono. Nyama yatha, utsi palibenso."

Apa ndiye pamene mtima unandigunda. Choyamba chija tikanatha kukambirana, koma ichi ndi chimene chimapha anthu: kachipinda kakang'ono, chitseko chotseka, munthu wokalamba ali mtulo, makala akuzilala. Ndinagwadanso. Mawu ankanjenjemera. Ndinati, "Bambo, mundikhululukire, chimenechi sindingachite. Mukadwala muno ndidzayankha chiyani kwa amayi?" Ndinatuluka n'kukathira madzi pambaula, dala, kuti pasakhalenso wina woitenga usiku. Ndinawapatsa bulangete lathu lalikulu pamwamba pa lawo, masokosi a mwana wawo, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje kuti aike kumapazi.

Analandira. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena m'Chisena, poganiza mwina kuti sindimva bwino, kuti panyumba pano zaoneka amalamula ndi ndani.

Bambo a anawa anangoti, "Gonani bwino, bambo."

Ndi iwo amene ndawakwiyira kwenikweni, osati apongozi. Amadziwa zonse zimene ndikudziwa ine. Tinamvera limodzi pawailesi chaka chatha, iwo n'kumapukusa mutu. Akanangonena mawu awiri, akanakhala mwana akulankhula ndi bambo ake, nkhani ikanapepuka. M'malo mwake andisiya ine mtengwa, wobwera, kuti ndikhale wokana. Mawa kumudzi zikamveka kuti mkazi wa uje anakaniza apongozi ake moto m'nyengo yachisanu. Palibe akafotokoze za timabowo totseka ndi mapepala. Nditawafunsa kuchipinda anati sanafune kuwachititsa manyazi pamaso pa ana. Ndikumvetsa. Koma manyaziwo agwera ine. Nthawi zina ndimatopa ndi kukhala munthu amene amaona ngozi panyumba, chifukwa woona ngozi amaoneka wovuta, ndipo ngoziyo ikapanda kuchitika palibe amadziwa kuti inalipo.

Komabe si zimenezi zokha. Pali mawu ena amene apongozi ananena mongodutsa pamene tinkatsutsana koyamba, ndipo ndawamvetsa bwino pano pokha. Anati, "Kwathu amayi anu amagona nayo mbaula Juni yense, sitinaonepo vuto."

Nyumba yawo yakale ija inagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023. Ana awo anasonkherana n'kuwamangira ina pamalo okwererapo, ya njerwa zowotcha, malata, chitseko chathabwa chokhala bwino, mawindo otseka. Tonse tinanyadira. Ifenso tinaponyapo yathu. M'nyumba imeneyo apongozi aakazi amagona ndi adzukulu awiri aang'ono. Ndipo ndakumbukira kuti chisanu chathachi ankadandaula pafoni kuti akumadzuka mutu ukuwawa, thupi lili lolemera, koma kukacha akatuluka kukasesa zimayamba kutha. Anapita kukayezetsa malungo sanawapeze nawo. Tonse tinati ndi ukalamba, kapena BP. Sindine dokotala, mwina ndi zimenezodi. Koma mutu umene umabwera usiku m'chipinda chotseka n'kumachoka munthu akatuluka panja, m'mwezi womwe mbaula imalowa m'nyumba, ukufanana kwambiri ndi zimene alangizi aja amanena. Amati mukaona anthu a nyumba imodzi akudwala mutu nthawi imodzi, atulutseni panja msanga, tsegulani paliponse, ndipo muthamangire nawo kuchipatala kumene angawapatse okosijeni. Kumudzi kuja, usiku, njinga yamoto yake ikapezeka kuti?

Ndiye ndakhala pano ndikuganiza kuti ine ndateteza usiku umodzi wokha, m'nyumba mwanga, ndipo ndautetezera mwa njira imene yawapweteka mtima. Mawa akwera minibasi yam'mawa kubwerera, Juni akadalipo, Julayi akubwera. Ndikawauza ndekha za amayi, amva ngati ndikupitiriza mkangano wa lero ndipo atseka makutu. Ndikawasiya apite osanena, sindidzakhululukidwa ndi mtima wanga.

Mwina ndiwadzutse bambo a anawa m'mamawa, apongozi asanasambe, kuti ulendo uno alankhule iwo, awaperekeze mpaka pasiteji. Mwina ndiimbire alamu anga aakazi, amene mawu awo amayi amawamva. Bulangete lalikulu lija atenge ndithu, ife tigula lina mwezi ukatha, ndipo ndiwonjezerapo majuzi a ana amene awachepera. Koma bulangete lokha silingatulutse mbaula m'chipinda ngati eni ake sanakhulupirire. Apongozi aakazi amandikonda, tikakhala awiri timaseka, kapena ndingopita ndekha Loweruka likubwerali ndikagone komweko, ndikaone mmene amatsekera usiku. Ndalama ya minibasi ndiyo ndiyambe ndaiona kaye, ndipo sindinawafunse bambo a anawa ngati angandilole kupita pamene bambo awo akadali okhumudwa chonchi.