Odzidzimuka usiku: sabata imodzi pa kiliniki ku Joni

Sabata ino dandaulo la Amalawi ambiri obwera ku kiliniki kuno ku Johannesburg linali limodzi: kudzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda kwambiri, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuperewera, zala zitachita dzanzi. Ambiri ndi alonda ndi antchito a m'nyumba okhala ku Yeoville ndi Rosettenville. Ena amati ndi mtima, ena amanong'ona za afiti.

Lolemba ndi Lachiwiri inali ntchito yopima. Timayeza BP, shuga, kagundidwe ka mtima (ECG) ndi magazi a chithokomiro, n'kufunsa za mphumu, kutentha pamtima ndi mkonono wobanika nawo kutulo. Mu June ndi July timafunsanso ngati amagona ndi mbaula m'chipinda, chifukwa mpweya wa makala umapha.

Zonse zikakhala bwino, amakhala mantha adzidzidzi. Sachokera ku maloto. Amabwera kawirikawiri m'maola oyamba a tulo, amafika pachimake m'mphindi 10, kenako amazilala okha.

Lachitatu tinaphunzitsa kapumidwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu akabanika amakoka mpweya mwaphuma, zomwe zimachepetsa carbon dioxide (mpweya womwe timatulutsa popuma) m'magazi, dzanzi ndi chizungulire n'kukula. Timawauza kuti: "Bambo, khalani tsonga, mapazi pansi, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno masekondi 4, tulutsani pang'onopang'ono masekondi 6, mpaka mphindi 5." Aziyeserera masana kawiri patsiku, woyamba kuphunzira usiku womwewo sizimuyendera. Tulo tikakana kwa mphindi 20, adzuke akhale pampando, foni ndi wotchi zili patali.

Alonda amavutitsa pa nkhani ya khofi ndi ma energy drink. Theka la caffeine, mankhwala oletsa tulo a m'zakumwazi, limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi 5, choncho chitini chomwa kumapeto kwa shifiti chimakagona nawo. Mowa nawonso umagonetsa msanga koma umadzutsa mbandakucha.

Lachisanu adokotala analembera ena mankhwala ochepetsa nkhawa otchedwa SSRI. Amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti agwire bwino, ndipo masiku oyamba nkhawa imatha kukwera, n'chifukwa chake ambiri amasiyira panjira. Mapilitsi ogonetsa ogula pakona timawaletsa, amazolowereka msanga. Ofuna uphungu timawapatsa nambala ya SADAG, bungwe lothandiza odwala nkhawa, 0800 567 567.

Ululu wa pachifuwa ukafika kumkono kapena kunsagwada, kapena munthu akakomoka, musawerenge masekondi. Imbani 112, nambala ya zangozi, pafoni ya m'manja.