Kupalasa njinga ya triathlon ku Mzuzu: kulimbana ndi mphepo

Njinga ya triathlon imakonda msewu wosalala, wopanda zitunda, pomwe Mzuzu ndi zitunda zokhazokha, ndipo m'mawa chifunga chimakuta tauni yonse. Komabe ndinasankha kupita nayo kumeneko chifukwa makilomita pafupifupi 50 kumunsi kuli Nkhata Bay, komwe munthu angasambire m'madzi oyera, n'kukwera njinga, kenaka n'kuthamanga wapansi, monga momwe masewera a triathlon amafunira. Pa mpikisano wa mtunda wa Olympics munthu amasambira makilomita 1.5, amapalasa 40, n'kuthamanga 10. Pa zitatuzi njinga ndiyo imadya nthawi yambiri, choncho ndi pamene munthu amapindula kapena kutaya mphindi zochuluka.

Ndinanyamuka ku Lilongwe pa basi ya m'mawa, njinga ili m'katoni kunsi kwa basi. Tinadutsa Kasungu ndi Jenda, kenaka msewu wa M1 unayamba kukwera ku Chikangawa. Mitengo ya paini yomwe tinkaiona tili ana yachepa kwambiri, mapiri ena angotsala zitsa, ndipo zimenezi zinandiwawa mumtima. Tinalowa m'tauni madzulo, aliyense atavala juzi.

Kutacha ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza njinga pafupi ndi msika kuti andithandize kuimanga. Anyamata a njinga zakabaza, zomwe ku Mzuzu amazitcha sacramento, anasonkhana posakhalitsa. Chimene chinawakopa si magiya kapena matayala opyapyala, koma timitengo tiwiri toloza kutsogolo pakati pa handulo, tomwe timatchedwa aero bars.

"Adada, nanga manja mumagwira pati apa?" anafunsa mmodzi.

Ndinakwera, mnzake atandigwirira njinga, n'kutsamira zigongono pa timapilo take, mutu nditaugwetsa. Mnyamatayo sanadabwe ngakhale pang'ono. "Aa, ndi zomwe timachita ife potsika ku Katoto mphepo ikakhala kutsogolo. Kungoti ife tilibe potsamira."

Ananena zoona, ndipo ndi phunziro lonse la njingayi. Pamsewu wopanda chitunda, munthu akamayenda liwiro loposa makilomita 30 pa ola, mphamvu zake zambiri sizithera pa kulemera kwa njinga kapena kukhuzana kwa matayala ndi tala, zimathera pa kung'amba mpweya. Mpweyawo suchita chifundo: liwiro ukaliwirikiza kawiri, umakukankha mowirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti uugonjetse imawirikiza kasanu n'katatu. Chinanso chomwe ambiri ogula zipangizo zodula amaiwala n'chakuti pa kukankha konseko, magawo pafupifupi atatu mwa anayi amagwera pa thupi la wopalasa, njinga imangotenga otsalawo. Chifuwa cha munthu wokhala chilili pa njinga chili ngati lata lomwe walinyamula choimiritsa kukuomba mphepo. Ungagule magudumu a ndalama zankhaninkhani, koma ngati lata lija silinagonekedwe, ndalamazo wazitaya.

Dziko lonse linaona zimenezi mu 1989 pa Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France. Tsiku lomaliza Greg LeMond anali kumbuyo kwa Laurent Fignon ndi masekondi 50. Pa makilomita 24.5 ochokera ku Versailles kufika ku Paris, LeMond anamangirira pa handulo yake ma aero bars omwe ochita triathlon anali atayamba kale kugwiritsa ntchito, ndipo anapambana mpikisano wonse ndi masekondi 8.

Njinga yangayi ndinaigula kwa munthu amene ndi wamtali kundiposa, ndiye inafunika kuikonza kuti igwirizane ndi thupi langa. Msuweni wanga wa ku Luwinga anavomera kundiperekeza pa msewu wa ku Ekwendeni m'bandakucha, magalimoto asanachuluke ndiponso mphepo isanadzuke. Tinasankha kachigawo koongoka, iye n'kuima pambali ndi foni kumandijambula, poyamba cham'mbali, kenaka chakutsogolo. Kwa ife amene tilibe makina oyezera mphepo, foni ndi sipanala ndizo zida zathu, ndipo zimagwira ntchito ndithu malinga ngati ukusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kubwereza msewu womwewo ndi mphamvu yomweyo.

Tinayambira pa chishalo, chifukwa zina zonse zimatsatira pamenepo. Pedulo ikafika pansi penipeni, bondo liyenera kukhala lopindika pang'ono, madigiri apakati pa 25 ndi 35. Chishalo chikakwera mopitirira, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku, ndipo pa vidiyo zimaonekeratu. Kenaka tinachikankhira kutsogolo. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni kwa njinga ya triathlon ndi njinga ya mpikisano wamba: chitsulo chonyamula chishalo chimaima mowongoka kwambiri, madigiri 76 mpaka 80, pomwe pa inzake chimakhala cha m'ma 73. Cholinga chake n'chakuti thupi lonse litembenukire kutsogolo limodzi, chiuno ndi msana womwe. Munthu akangowerama chiuno chili m'mbuyo, ntchafu zimagunda mimba, mpweya umaperewera, miyendo imataya mphamvu. Ndi chifukwa chomwechonso ambiri masiku ano akusiya zitsulo zogwira mapedulo za mamilimita 172.5 kapena 175 n'kuika za 165: bondo silikwera kwambiri, ndiye pakati pa ntchafu ndi mimba pamatsala mpata.

"Asuweni, cham'mbali mukuoneka bwino, koma chakutsogolo mutu wanu watumphuka ngati mukufunafuna munthu," anatero akundionetsa foni.

Chithunzi chakutsogolo ndicho chimanena zoona, chifukwa ndi chimene mphepo imaona. Tinayandikizitsa timapilo ta zigongono kuti mapewa apanikizike, koma osafika poti chifuwa chilephere kufutukuka. Nsonga za ma aero bars tinazikweza pang'ono kuti manja abwere pafupi ndi nkhope. Chovuta kwambiri chinali mutu. Sufunika kuuweramitsa n'kumayang'ana tayala, umafunika kuutsitsa pakati pa mapewa, chibwano chili kutsogolo, maso okha ndiwo akuyang'ana m'mwamba. Khosi limawawa masiku oyamba, ndipo palibe njira yachidule, limayenera kuzolowera pang'onopang'ono. Jekete yomwe ndinavala chifukwa cha chisanu inkakupiza kumsana, ndipo nditaivula n'kutsala ndi malaya othina, kusintha kwake kunamveka m'miyendo momwemo, popanda ndalama iliyonse.

Pali chiyeso choti handulo uitsitsiretu pansi kuti uoneke ngati akatswiri a pa kanema. Ine sindigwirizana nazo. Munthu wowerama kwambiri amene amadzuka mphindi zisanu zilizonse kuti awongole msana amachedwa kuposa mnzake wokwezekako pang'ono amene sasuntha makilomita 40 onse. Ndipo pambuyo pake pali kuthamanga wapansi, komwe msana wopweteka sukubisika. Pa mipikisano ya mtunda wautali ngati Ironman, ya makilomita 180 apanjinga, sikuloledwa kubisala kumbuyo kwa mnzako, choncho mphepo yonse ndi yako wekha kwa maola ambiri.

Tsiku lotsikira ku Nkhata Bay ndinasiya kaye chifunga kuti chichoke. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye msewu wa M5 umatsetsereka mokhotakhota pakati pa nkhalango ndi minda ya nthochi ndi chinangwa. Pamtsetse wonsewo sindinagone pa ma aero bars, ndipo ndikupempha aliyense wobwera ndi njinga yotere kuti asayese. Mabuleki sakhala pamenepo, amakhala m'mbali mwa handulo, ndipo zigongono zikayandikana njinga imavuta kukhotetsa. Msewu wathu ndi wa tonse: ana opita kusukulu, amayi osenza nkhuni, mbuzi, minibasi yoima paliponse pomwe yaona munthu. Kakhalidwe kalikonse kokulepheretsa kuona patali kapena kugwira buleki msanga n'kosayenera kwathu kuno, ngakhale katathamangitsa bwanji.

Kumunsi kunali kotentha, thukuta kamukamu. Ndinasambira m'mawa mwake, madzi ali bata, kenaka ndinalowera kummwera cha ku Chintheche, kudutsa m'munda wa mitengo ya labala ya Vizara momwe mthunzi wake umazizira bwino. Apa ndi pomwe ntchito ya ku Ekwendeni ija inayesedwa, chifukwa mwera unali utadzuka ndipo unkandiomba kumaso. Mpweya wa kunyanja ndi wolemeranso kuposa wa ku Mzuzu chifukwa malowa ndi otsika. Ndikadzuka kuti ndimwe madzi, njinga inkachita ngati wina waigwira kumbuyo, ndikabwerera pa zigongono inkamasuka. Ndinatha kukhala chigonere nthawi yaitali osamva dzanzi m'manja, ndipo nditatsika kuti ndithamange, miyendo inavomera msanga kusiyana ndi kale. Masana ndinadya kondowole wa nsomba ya batala pa kalesitilanti kena m'mbali mwa doko.

Pobwerera ku Mzuzu ndinapalasa chitunda chonsecho. Pamenepo liwiro limatsika mpaka mphepo siikhalanso nkhani, mdani amasanduka kulemera kwa thupi ndi njinga. Ndinagwira m'mbali mwa handulo, chifuwa chili poyera kuti ndipume mokwanira, n'kuika giya yofewa. Cha ku Mpamba ndinaima kugula nthochi ndi kudzaza mabotolo, chifukwa kuchokera pamenepo chitunda chenicheni chinali chisanayambe.