Ukayamba kulandira 1099, funa CPA wa m'dera lako

Febuluwale akangofika, m'magulu athu a pa WhatsApp kuno ku Indiana, ku America, mumayamba kuyenda manambala a foni a anthu olembera ena mafomu a msonkho. Wina akuti, "Pitani kwa uje, amabwezetsa zambiri." Wina akuti wake ndiye katswiri, satenga ngakhale ola limodzi. Ine ndili ndi kabizinesi kokonza m'nyumba ndi m'maofesi kuno ku South Bend, ndipo pa nkhaniyi sindizungulira. Ngati mumangolandira W-2 kuntchito, fomu ya malipiro imene abwana amapereka kwa wolembedwa ntchito, zanu n'zopepuka. Koma mukayamba kulandira 1099, fomu ya ndalama zomwe mwapeza podzigwirira nokha ntchito, kapena mwalembetsa kampani yanu ngati LLC, funani CPA, ndiye kuti akauntanti wa laisensi, ndipo akhale wapafupi.

Ukakhala pa W-2, msonkho wa Social Security ndi Medicare (penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala cha okalamba) mumagawana ndi abwana, aliyense 7.65 peresenti. Ukadzilemba wekha ntchito, 15.3 peresenti yonseyo ndi yako, osawerengera msonkho wa pa zomwe wapeza. Komanso a IRS, bungwe la boma lotolera msonkho, sadikira kuti chaka chithe. Amafuna uzipereka kanayi: pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale. Tsono munthu amene amatsegula kaofesi mu Febuluwale n'kutseka mu Epulo, mu Seputembala mukamupeza kuti?

Laisensi ya CPA imaperekedwa ndi state iliyonse payokha, osati boma la ku Washington, ndipo New York ndi imene inayamba mu 1896. Munthuyo amakhala atakhoza mayeso a magawo anayi, ndipo akachita zachinyengo laisensiyo amatha kulandidwa. Ubwino wake, simufunika kungokhulupirira satifiketi yomwe yapachikidwa kukhoma. Lembani dzina lake pa webusaiti ya CPAverify, muona ngati laisensiyo ikugwirabe ntchito. Aliyense wolipidwa kuti akulembereni za msonkho, kaya ndi CPA kaya ayi, amayenera kukhala ndi nambala ya PTIN yochokera ku IRS ndiponso kusainira fomuyo. Akakuuzani kuti, "Sainani nokha, zioneke ngati mwalemba nokha," nyamulani mapepala anu muzipita. Chimodzimodzi amene akufuna kuti ndalama zobwezedwazo zilowe mu akaunti yake, kapena amene malipiro ake amakula malinga ndi zomwe mwabwezeredwa. Woteroyo akanama amapindula, koma kalata ya IRS idzabwera ndi dzina lanu.

Kalatayo ikabwera, amene ali ndi ufulu wonse wokuimirirani ndi atatu: loya, CPA ndi enrolled agent (katswiri wa msonkho wovomerezedwa ndi IRS). Mumasainira Form 2848, iwo n'kumalankhula ndi a IRS m'malo mwanu. A enrolled agent sindiwanyoza ayi, pa msonkho wokhawokha amadziwa ntchito. Ine ndinasankha CPA chifukwa ndimafunanso wondisungira mabuku, wondikonzera malipiro a atsikana amene ndimagwira nawo ntchito, ndi woti tsiku lokapempha ngongole kubanki mapepala adzakhale atadutsa m'manja mwake.

Nanga wapafupi chifukwa chiyani, poti masiku ano zonse zili pa intaneti? Indiana ili ndi makaunti (maboma ang'onoang'ono) 92, ndipo iliyonse ili ndi msonkho wake, umene umatengera komwe unkakhala pa 1 Januwale. Kuchoka kuno kukafika ku Niles, ku Michigan, ndi ulendo wa mphindi zochepa. Indiana ndi Michigan anagwirizana kuti wolembedwa ntchito azipereka msonkho wa state kumene amakhala, koma mgwirizanowu ndi wa malipiro a pantchito okha, ndalama za bizinesi sizikhudzidwa. Ndi Illinois ndiye palibe mgwirizano wotere, wogwira ntchito ku Chicago adziwiretu. Akauntanti wa kuno zimenezi amakumana nazo mlungu uliwonse.

Amene ndili nawo panopa ndi mayi wachikulire, ofesi yawo ndi ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya penti. Tsiku loyamba za kubwezeredwa ndalama sanazitchule n'komwe. Anavala magalasi, n'kuyala masitetimenti anga a kubanki patebulo, pensulo ili m'manja, kumachonga mzere ndi mzere. Akafika pa ndalama yomwe sakuimvetsa ankaima. "Iyi ndi ya sopo wa kuntchito kapena wa kunyumba?" Anafuna kuona kabuku komwe ndimalemba mamailosi a galimoto, tsiku ndi komwe ndinapita. Kenako anavula magalasi aja n'kufunsa, "Muli ndi akaunti kunja kwa America?"

Funso limeneli ndi lomwe linandikhazika mtima pansi, chifukwa ambirife tinasiya maakaunti kumudzi, ena tikusungiramo za nyumba yomwe tikumanga. Lamulo ndi lakuti ndalama za m'maakaunti onse akunja zikaphatikizidwa n'kupitirira madola 10,000, ngakhale tsiku limodzi lokha pachaka, umayenera kulemba FBAR, fomu youlula maakaunti akunja, imene imapita payokha ku FinCEN, nthambi ya boma yoona za milandu ya ndalama, osati pamodzi ndi Form 1040, fomu ya msonkho ya pachaka. Si msonkho, n'kungodziwitsa, koma chindapusa cha osalemba n'chowawa.

Inanso ndi ya makolo. Mwezi ndi mwezi timatumiza ndalama kwa amayi, fizi ya ana a achimwene, mankhwala a agogo, ndipo mumtima timadziwa kuti anthuwa akudalira ife. Koma kuti munthu alembedwe pa fomu ya msonkho ngati wodalira iwe, ayenera kukhala nzika ya America, kapena wokhala ku America, Canada kapena Mexico. Amayi amene ali ku Ntcheu salowapo. Wokuuzani kuti, "Tingowaikapo, palibe angadziwe," akukuikani pamoto, makamaka inu amene mukuyembekezera kudzapempha unzika, poti fomu ya N-400 yopemphera unzikawo imafunsanso za msonkho.

Za mtengo funsiranitu, ndipo zilembedwe: kodi amalipiritsa pa ola kapena pa ntchito yonse, nanga mukaimba foni pakati pa chaka kufunsa kanthu, ndi zaulere? Funsaninso ngati ali ndi makasitomala ena a bizinesi yonga yanu.

Musakagogode mu Malichi, nthawi imeneyo ngakhale moni amayankha ali chiweramire. Pitani mu Meyi kapena Juni, atapuma. Mukaoneratu kuti muchedwa, Form 4868 yopempha nthawi yowonjezera imakupatsani mpaka pa 15 Okutobala kuti mutumize mapepala, koma ndalama zomwe mukuyenera kupereka zimafunikabe pa 15 Epulo.