Kabokosi kophethira

Windows 10 itasiya kulandira chithandizo cha kampani yoipanga ya Microsoft pa 14 October 2025, ndinati nanenso ndisatsalire, ndinaika Windows 11 mu laputopu yanga. Linali Loweruka, tsiku lomwelo limene apongozi anga anafika kuchokera ku Ntcheu ndi thumba la kachewere. Sindinaganizeko n'komwe kuti zinthu ziwirizi zingakhudzane.

Lolemba intaneti inayamba chibwana. Tili pakati pa msonkhano wa pa Zoom, abwana anangouma pa sikirini, kukamwa kuli yasa. Patapita mphindi khumi, intaneti ija yabwerera yokha. Masana chimodzimodzi. Mlandu ndinaugamula pompo: ndi Windows yatsopanoyi basi.

Ndinadzitsekera kuchipinda ngati sing'anga. Ndinalowa mu Device Manager, n'kupeza kakhadi ka Wi-Fi, n'kuchotsa kachizindikiro kololeza kompyuta kukazimitsa pofuna kusunga batire. Sizinathandize. Ndinatsitsa driver watsopano, pulogalamu yoyendetsa kakhadiko, ndi bandulo ya pafoni, bandulo n'kutheratu. Ndinalemba netsh winsock reset pa kawindo kakuda kolamulira kompyuta, mayi a Chisomo ataona anandifunsa motsitsa mawu ngati ndayamba zobera mabanki.

Windows imapereka masiku 10 oti munthu abwerere ku yakale ngati yatsopano yamukana. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinati ndiyese komaliza Network reset, yobwezera zonse za intaneti pachiyambi. Chimene sindinawerenge n'chakuti imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi. Yathu ndinali nditaiwala kalekale, koma ndinakumbukira kuti inalembedwa kunsi kwa rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi, pabalaza.

Ndinapeza rauta ili zii, pulagi ili pansi. Apongozi ali pamkeka, akusenda kachewere.

Ndinanjuta patali monga mkamwini wolangizidwa. "Amayi, pepani, kodi kabokosika wazimitsa ndani?"

"Ndine, bambo a Chisomo. Kamangophethira usana ndi usiku, woonera palibe, mawu sikatulutsa. Kodi mayunitsi a magetsi mumachita kutola?"

"Nanga amakayatsanso ndani?"

"Ameneyo ndi mwana wanuyo. Ndikangotembenuka, wabaya kale pakhoma, akuti makatuni aima. Mwana wosamva ameneyu, sabata yonse ndakhala ndikulimbana naye."

Ndiye kuti masiku onsewo, ine ndikutuluka thukuta ndi ma driver, nkhondo yeniyeni inali pabalaza, pakati pa gogo ndi mdzukulu wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikanangolumikiza foni ku Wi-Fi tsiku loyamba lomwe, ndikanaona kuti nayonso ikuduka, laputopu ilibe mlandu. Koma apongozi sutsutsana nawo, makamaka akakubweretsera kachewere. Ndinangoti, "Zoona amayi, mwachita bwino."

Usiku onse atagona ndinabaya pulagi, n'kumata timagetsi tonse ndi tepi wakuda. M'mawa apongozi anaima pafupi ndi kabokosi kaja, n'kukayang'anitsitsa kwa nthawi ndithu.

"Mwaona, bambo a Chisomo? Tsopano kamva."