Matimati a buluu aja afiira, zikomo nonse

Dzulo ndaonetsa polojekiti yanga ya chaka chomaliza pamaso pa aphunzitsi, ndipo yadutsa. Ndi pulogalamu yosiyanitsa matimati akupsa ndi aawisi poyang'ana chithunzi, yolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Python ndi OpenCV, chida chothandiza kompyuta kuwerenga zithunzi. Mutu umodzi susenza denga, choncho ndiloleni ndithokoze.

Ndiyambe ndi azakhali anga a ku Mbare Musika, msika waukulu wa kuno ku Harare. Masabata atatu ndinkalawirira pa benchi lawo kukajambula matimati, ogula ali chilili kudikira, koma sanandikalipirepo. Tsiku lina ndinawaonetsa pa laputopu matimati awo atasanduka a buluu. Anagwira pakamwa: "Mwanawe, katundu wangayu wamulodza ndani?"

Mfitiyo ndinali ine ndemwe. OpenCV imasanja mitundu mwa BGR, buluu kutsogolo, kufiira kumapeto, pomwe Matplotlib imene ndinkaonetsera zithunzizo imayembekezera RGB, kufiira kutsogolo, buluu kumapeto. Achimwene ena a m'gulu lathu la WhatsApp la ana a Chimalawi kuno ku Harare anangoona chithunzicho n'kuyankha kuti ndiike cv2.cvtColor ndi COLOR_BGR2RGB. Mzere umodzi basi, matimati psuu! Achimwene, Mulungu akudalitseni.

Iwo omwewo anandiuza kuti windo yoonetsera chithunzi, imene inkangotuwa n'kuuma, inkafuna cv2.waitKey pambuyo pa cv2.imshow, lamulo lotsegula windoyo, chifukwa popanda iyo windo sipeza mpata wojambula chithunzi.

Limene linandiliza ndi lina. Masiku anayi imshow inkangokana, ikuti "The function is not implemented". Ndinafufuta, kulembanso, kufufutanso, mpaka ndinayamba kukayikira laputopu yanga yakaunjika. Mnzanga wa m'kalasi, Mshona amene Chichewa amangodziwa "zikomo", anakhala nane mpaka usiku, n'kupeza kuti ndinali nditaika opencv-python-headless, mtundu wopangidwira ma seva, wopanda mawindo n'komwe. Titauchotsa n'kuika opencv-python, chithunzi chinatulukira. Ndinakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa. Kwa iwe ndikuti maita basa.

Za cv2.imread, lamulo lowerenga chithunzi, longobweza None (kutanthauza kuti palibe kanthu) mwakachetechete dzina la fayilo likalakwika, imeneyo ndinaizindikira ndekha, ndiye musandilande.

Amalume a ku Highfield, magetsi akazima munkanditsegulira chitseko kuti nditchaje pa sola yanu, nsima n'kundipatsanso. Amayi, ndalama ya kombi ndi ya data munkaichotsa pa ya ndiwo, ndinkaona.

Azakhali, Loweruka ndikubwera kudzagula dengu lathunthu, ndipo mtengo sindinenerera.