Kugula MGB yakale mu Harare: dzimbiri, buku ndi mtengo

Ndalama imene ndinasunga inali $9,000, ndipo galimoto imene mtima wanga unkafuna inali MGB, kagalimoto ka mipando iwiri kotsegula pamwamba kaja. Sindinaisankhe chifukwa cha maonekedwe okha. Galimotozi ankazipanga ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. Chifukwa cha kuchuluka kumeneko masipeya ake akupangidwabe mpaka lero, munthu ukhoza kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku UK. Injini yake ndi ya 1798cc, yopanda kompyuta, yoti makaniko wachikulire wa ku Gazaland ku Highfield amaimasula osatsegula buku. Zoti ndikatenge kunja ndinazichotsa m'mutu, poti kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo olowetsa magalimoto opitirira zaka khumi. Ndinayenera kusankha pa zochepa zimene zili kale m'magalaja a mu Harare muno.

Ndinatenga amalume anga, amene anagwira umakaniko ku Graniteside mpaka kupuma pa ntchito. M'kachikwama kawo anaikamo tochi, sikuludiraiva, kamaginito kokulunga m'kansalu kuti kasakande penti, geji yoyezera compression (mphamvu ya kupanikiza mpweya m'masilinda a injini), ndiponso katoni yogonera pansi. Tisananyamuke anandiuza kuti ndiimbire mwini galimoto, ndimupemphe kuti asalize injini tisanafike. Injini yotentha kale imabisa utsi, imabisanso kuvuta kulira kwa m'mawa.

Yoyamba imene tinaona inali ya 1967, yofiira, penti wake wowala ngati wapakidwa dzulo. Ine maso anali pa mipando ndi pa mawilo a masipoko. Amalume sanatsegule n'komwe boneti. Anagwada pambali, n'kuyamba kuyendetsa kamaginito pa chitsulo chachitali cha pansi pa chitseko, chimene amakaniko amati sill. Kutsogolo kanagwira. Pofika chakumbuyo, pafupi ndi tayala, kanagwa pansi. Anakabwezera, kanagwanso.

"Mwanawe, apa palibe chitsulo. Ndi filler yekhayekha, phala lomatira mabowo lija, apakapo penti," anatero.

Ndinatenga kamaginito kuja n'kukaika pa boneti, sikanagwirenso, ndipo ndinaganiza kuti galimoto yonse ndi filler. Amalume anandimasulira kuti ma MGB oyambirira, mpaka cha m'ma 1969, boneti yake ndi ya aluminiyamu, ndiye maginito sagwira ngakhale ili yabwinobwino. Pa sill ndiye panalibe chowiringula.

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. MGB ilibe chasesi yapadera ngati ya lole kapena ya Land Rover, yoti thupi limangokhala pamwamba. Thupi lomwelo ndilo limanyamula chilichonse, ndipo poti ilibe denga lachitsulo, mphamvu yake yaikulu ili m'ma sill awiri aja. Sill iliyonse ili ndi zitsulo zingapo zowotcherera pamodzi, chakunja chimene timaona, china pakati, china m'kati, chinanso pansi. Dzimbiri limayambira m'kati momwemo, ndipo pamene likutulukira kunja limakhala litadya kale zam'kati. Amalume anapempha kuti aike jeke pamalo pake pakati pa galimoto. Itangokwera pang'ono, mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi unasintha, chitseko n'kuyamba kukana kutseka. Galimotoyo inali kupindika pakati tikuona.

Anthu amanena kuti galimoto za mu Harare sizichita dzimbiri chifukwa tili kutali ndi nyanja ndipo misewu yathu saithira mchere ngati ku England. Zoona zake zilipo, galimoto ya kuno imaposa ya ku Durban kapena ya ku Beira. Koma mvula yathu ya November mpaka March ikalowa pa tenti yong'ambika ya denga la galimoto, madzi amakhala pansi pa kapeti mwezi wathunthu. Palinso kabowo kolowetsa mpweya patsinde pa galasi lakutsogolo, kamene kali ndi kapaipi kotayira madzi. Galimoto ikamagona pansi pa jakaranda, timasamba timatseka kapaipi kaja, madzi n'kumadikha mpaka kuboola chitsulo.

Ngakhale thupi likanakhala labwino, buku likanatibweza. Buku la galimoto, lija ku Malawi timati bulubuku, linali m'dzina la munthu amene anamwalira, ndipo wogulitsayo analibe kalata ya ku ofesi ya Master of the High Court yomupatsa mphamvu yogulitsa chuma cha masiye. Anati tingolemba agreement of sale, kalata ya mgwirizano wogulitsana, zina tidzaona. Tinathokoza n'kutsanzika. Mtengo sitinaukambe n'komwe, chifukwa zilema ziwiri zimenezi si zotsitsira mtengo, n'zothetsa nkhani.

Yachiwiri tinaimva kudzera kwa anzathu a kutchalitchi. Inali ku Hatfield, kwa bambo wina wachikulire amene makolo ake anachokera ku Dedza. Anaigula kwa abwana awo pamene abwanawo ankachoka m'dziko muno, ndipo anaiyendetsa mpaka mawondo atayamba kuwavuta kulowa m'galimoto yofupika chonchi. Inali ya 1972, ya mabampala a chrome, poti a labala akuda aja anayamba mu 1974. Penti wake woyera anali atafwifwa, tenti itang'ambika pawindo lakumbuyo, fumbi lili mbuu. Koma inkagona m'galaja yofolera bwino.

Titapatsana moni n'kufunsana za kumudzi, amalume anati, "Madala, tiloleni tiyambe ndi buku."

Bukulo linali m'dzina lawo, logwirizana ndi chitupa chawo. Nambala ya thupi inayamba ndi GHN5, monga ziyenera kukhalira pa MGB yotsegula pamwamba ya chaka chimenecho, ndipo inafanana ndi ya pa kachitsulo ka m'boneti. Nambala ya injini inayamba ndi 18V. Imeneyi muziiyang'anitsitsa, chifukwa ili pa kachitsulo kakang'ono kokhomera pa block, thunthu la injini, ndipo nthawi zambiri kamatayika injini ikapita kokakonzedwa. Kakasowa, kapena nambala ikasiyana ndi ya m'buku, mudzavutika nazo kupolisi. Pa galimotoyi kanalipo.

Kenako amalume anayala katoni yawo. Kamaginito kanagwira sill yakumanja yonse. Kumanzere, chakumapeto, panali timatuza ta penti, ndipo atakanikiza ndi sikuludiraiva panaboola kabowo kolowa chala. Anawunika ndi tochi, zitsulo zam'kati zinali zolimba. Pa jeke zitseko zonse ziwiri zinatseguka ndi kutseka bwinobwino. Tinakweza makapeti, pansi panali pouma. Kuseri kwa mipando kuli chivundikiro, pansi pake ndi pamene pamakhala mabatire, awiri a 6 volts pa galimoto za zaka zimenezo. Bokosi limodzi linali litadyeka ndi asidi. Pomangirira masipuling'i akumbuyo panali bwino, ndipo amalume anakhalitsa pamenepo akugogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kumvetsera ngati chitsulo chikulira mwamphamvu kapena mogonthera.

Injini inalira ndi batire lobwereka. Inatulutsa utsi pang'ono poyamba, kenako unatha. Kaphokoso ka matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu, kanandidetsa nkhawa, koma amalume anati injini zimenezi zimatero, imene ili zii ndiyo yokayikitsa chifukwa mwina aimanga mopitirira. Iwo maso anali pa geji ya oyilo. Injini itatentha bwino, singano inkaima pamwamba pa 50 psi akaponda mafuta, ndipo akasiya sinkatsika pansi pa 20. Compression inali yofanana pafupifupi m'masilinda onse anayi. Pansi pa chotsekera oyilo panalibe thovu loyera losonyeza kuti madzi akulowa mu oyilo.

Tinangozungulira m'misewu ya pafupi, pang'onopang'ono, chifukwa matayala anali ong'aluka. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo awa anali atadutsa zaka khumi kalekale ngakhale mano ake anali athunthu. Magiya onse anayi ankalowa bwino. Overdrive, giya yowonjezera yopepukitsira injini pa liwiro, imene imagwira pa giya yachitatu ndi yachinayi, sinayankhe. Mabuleki ankakokera kumanzere. Podutsa pa hampu kutsogolo kunagogoda, ndipo titakweza tayala n'kuligwedeza, ma kingpin, zitsulo zimene tayala lakutsogolo limakhoterapo, anali ndi mpata, chizindikiro chakuti girisi anamulawa kale kwambiri. Ndinaonanso mmene galimotoyi yafupikira, ekizozi inatsala pang'ono kukhudza hampu. M'misewu ya maenje ngati yathuyi, imeneyi si galimoto yopita nayo ku ntchito tsiku lililonse, ndipo amene akufuna yotero asataye ndalama zake pano.

Fungo la petulo ndi limene linandiopsa. Paipi yalabala yopita ku makabuleta awiri a mtundu wa SU inali yofewa, ikudontha. Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka 20 peresenti, ndipo labala ya 1972 sanaipangire zimenezo. Ethanol amaidya, amakokanso chinyezi m'thanki ya galimoto yongokhala. Paipi zonse za mafuta zinayenera kusinthidwa galimoto isanayende ulendo uliwonse. Madala aja ananena okha mosabisa kuti head, chivundikiro cha masilinda a injini, sinasinthidwe kuchokera nthawi ya petulo wa lead, choncho ndiyenera kumathira mankhwala otetezera mavalavu mpaka ndidzaikonzetse.

Tsiku limenelo sitinatchule ndalama yathu. Iwo ankafuna $7,500. Tinapempha kuti atipatse nthawi, ndipo ndinayenda ndi mndandanda wa zilema kwa wowotcherera, kwa wosoka matenti ndi kwa ogulitsa masipeya mu Kaguvi Street, zosowa ndikufunsa mtengo ku Johannesburg pamodzi ndi wonyamulira. Kuwotcherera sill ndi bokosi la batire anandiuza $700, tenti $600, mabuleki $450, matayala $400, paipi za mafuta ndi makabuleta $300, ma kingpin $250. Zonse pamodzi $2,700, overdrive ndi penti ndisanaziwerengere. Ndikanalipira $7,500, galimoto ikanafika kwathu n'kukhala pa njerwa, poti ndalama yoikonzera ikanakhala itaperewera.

Titabwerera, amalume ndi amene analankhula, ine ndili chete monga mwana. Sananyoze galimoto, ndipo ndikuona kuti zimenezi zinathandiza kuposa manambala. Munthu amene wasunga chinthu zaka zambiri safuna kumva kuti ndi chiphakasa.

"Madala, galimoto mwaisunga bwino, thupi lake silipezekapezeka. Koma kuti iyende, mwanayu akufunika ndalama iyi." Anawapatsa pepala lija. "Tikupempha $5,500."

Madala aja anawerenga mzere uliwonse. Pa tenti anatsutsa, amati galimoto imayenda ngakhale tenti ili yong'ambika, ndipo sankanama. Pa mabuleki, matayala ndi paipi sananene kanthu. Anatsika kufika $6,500. Pamenepo ndinafunsa za laisensi ya ZINARA, bungwe la boma loyang'anira ndalama za misewu, chifukwa disiki ya pagalasi inali yakale. Galimoto ikakhala osayenda, mwini wake amayenera kukapempha exemption, chilolezo choti asamalipire laisensi, apo ayi ngongole imangokwera, ndipo ikapitirira zaka ziwiri yopanda laisensi ikhoza kufufutidwa m'kaundula. Iwo ankapempha exemption mokhulupirika, koma yomaliza inali itatha ndipo panali kangongole. Tinagwirizana $6,000, ngongoleyo alipire okha, ndipo ndalama yonse, kupatula chikole, ndiwapatse pambuyo poti apolisi atsimikizira galimoto.

Mfundo yomalizayi musaigonjere ngakhale wogulitsa ndi wakwanu. Tinalemba agreement of sale yokhala ndi nambala ya thupi ndi ya injini, mtengo, mayina ndi manambala a zitupa, mboni ziwiri n'kusaina. Ndinapereka $500 ya chikole, yolembedwa kuti idzabwezedwa ngati papezeka vuto. Galimoto tinainyamula pa lole kupita nayo ku Vehicle Theft Squad, nthambi ya apolisi yoona za kuba magalimoto, ku Southerton, mwini wake ali nafe. Kumeneko anayerekeza manambala ndi buku, n'kuona ngati sinalembedwe kuti inabedwa. Zitatuluka bwino ndinapereka yotsala, madola tikuwerengera limodzi pamaso pa mboni.

Zotsatira zake zinali za mizere ndi kudikira basi. Ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndinalipira msonkho wosinthira umwini wa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka zake. Ndi lisiti limenelo, kalata ya apolisi, buku lakale, chitupa ndi umboni wa kumene ndimakhala, ndinapita ku Central Vehicle Registry kuti buku lituluke m'dzina langa. Inshuwalansi ndi laisensi zinabwera pambuyo, osaiwala kuti kuyambira 2025 laisensi ya wailesi ya ZBC imafunika pogula disiki ya ZINARA. Pepala lililonse ndinali nalo ndi fotokope yake, chifukwa ofesi iliyonse imatsala ndi lake.

Panopa galimoto ili pabwalo la amalume ku Highfield. Tinayamba ndi paipi za mafuta ndi mabuleki, kenako matayala, ndipo wowotcherera watsiriza sill sabata yatha. Ma kingpin tikuwadikira kuchokera ku Johannesburg. Tenti ndaiika kumapeto chifukwa mapepala anadya gawo la ndalama yake, koma iyenera kusokedwa mvula ya November isanagwe. Za overdrive amalume akuganiza kuti ndi waya kapena solenoid, kachipangizo ka magetsi koilowetsa, osati giyabokosi, ndipo tidzaiyeza Loweruka likubwerali tikatsiriza kuthira girisi kutsogolo.